Mbiri ya Moyo Wanga, Gawo 6: Zimene zinandigwira kuti ndisasiye choko

Boma la a Bakili Muluzi litayambitsa pulayimale yaulere mu 1994, ana anakhamukira kusukulu, chiwerengero chinachoka pa 1.9 miliyoni n'kufika cha m'ma 3 miliyoni. Aphunzitsi anachepa. Ife a JCE ndi MSCE anangotiphunzitsa masabata ochepa n'kutipatsa choko. Maphunziro enieni a uphunzitsi aja otchedwa MIITEP ndinadzachita ndili kale pantchito.

Ananditumiza kusukulu ina ya kumudzi, kupitirira Mitundu. Sitandade 1, ana oposa 100, pansi pa mtengo wa mango, bolodi titaitsamiritsa kuthunthu. Mvula ikati igwe, sukulu yathera pomwepo. Nyumba za aphunzitsi sizinkakwana, ndinkachita lendi m'mudzi, ndipo malipiro akachedwa ndinkakakongola ufa ndi sopo kugolosale.

Anzanga amene tinafika nawo limodzi sanakhalitse. Wina anakayamba geni ya kaunjika kumsika wa Tsoka. Sindimuimba mlandu ngakhale pang'ono, anali ndi ana oti adye.

Anthu amati mphunzitsi wopirira amabadwa choncho. Ine ndimakana. Mtima ndinali nawo ndithu: mayi anga ankadinda chala m'malo mosayina, ndipo mwana aliyense wogwira pensulo koyamba ankandikumbutsa iwowo. Koma mtima wokha ukanatha chaka choyamba chomwecho ndikanapanda ahedi athu.

Ana akaweruka, iwo ankakhala nane pakhonde la ofesi kundionetsa kalembedwe ka sikimu (ndondomeko ya zophunzitsa pa teremu) ndi pulani ya phunziro. Tsiku lina anandipeza mawu atasasa. "Madamu, musalimbane nawo ndi kukuwa, ngambiri awa. Yambitsani nyimbo, akhala chete okha." Zinathekadi. Ndi iwonso anandiphunzitsa kutola zitsekerero za mabotolo zowerengera masamu ndi kudula zilembo pamakatoni akale, zimene pambuyo pake zinadzatchuka ndi dzina loti TALULAR, kutanthauza kuphunzitsa ndi kuphunzira pogwiritsa ntchito zinthu zopezeka pafupi. A PEA, alangizi a maphunziro a pulayimale, akabwera kudzayendera, ahedi sankandisiya ndekha.

Aphunzitsi tinalinso ndi chipereganyu chathu mwezi ndi mwezi. Njinga yanga yoyamba inachokera mmenemo. Bambo anga atamwalira, anzangawo anagawana kalasi yanga mlungu wonse popanda wodandaula.

Patapita zaka anandisamutsira m'tauni muno. Ndinapeza makalasi a njerwa ndi malata, madzi a pampopi, minibasi pakhomo, koma aphunzitsi ongopatsana moni wa pakamwa, aliyense akuthamangira geni yake. Kumeneko n'kumene ndinalemba kalata yosiya ntchito, ndipo za kalatayo ndikuuzani m'gawo lotsatira.