Corolla ya 1NZ yomwe imamwa madzi: zomwe tapeza ndi zomwe tasintha

Loweruka

Galimoto ndi Toyota Corolla NZE121, injini ya 1NZ-FE ya malita 1.5. Madzi a m'kabotolo kosungira madzi a radiyeta amatsika kuchoka pa FULL kufika pa LOW m'masiku anayi kapena asanu, ndipo geji ya kutentha kwa injini imakwera galimoto ikamakwera mtunda wautali kapena ikaima nthawi yaitali pamzere wa magalimoto masana. Pansi pomwe imagona sipaoneka dontho. Madzi akamachucha pang'onopang'ono n'kugwera pa injini yotentha, amauma asanafike pansi. Chomwe chimatsala ndi chipsera chabe, kaufa koyera kapena kapinki kouma ngati mchere. Ndicho tinayamba kufunafuna, ndipo tinagwirizana kuti sitigula chilichonse tisanaone ndi maso pomwe madzi akutulukira.

Ntchitoyi imayambika injini itazizira usiku wonse. Chitsekerero cha radiyeta sichitsekulidwa injini ili yamoto. Madzi a mkatimo amatha kupitirira 100°C osawira chifukwa atsekeredwa ndi mphamvu, ndiye mukangotsekula amawira nthawi yomweyo n'kukuthirani kumaso ndi m'manja.

Tinayamba ndi zosafuna zida. Pansi pa chitsekerero cha oyilo panalibe phala lotuwa ngati tiyi wamkaka, ndipo oyilo wa pa dipisitiki anali wakuda bwinobwino. Utsi wa kumbuyo sunali woyera injini itatentha. Kapeti wa kutsogolo anali wouma mbali zonse ziwiri, kutanthauza kuti hita ya mkati mwa dashibodi sikudontha. Mapaipi tinawafinya ndi dzanja: lakumwamba lili bwino, lakumunsi lafewa pafupi ndi kalampu koma silinanyowe. Thanki ya pulasitiki ya pamwamba pa radiyeta, yomwe imakonda kung'aluka ikakalamba n'kusanduka yabulauni, inalibe mng'alu.

Kenako pampu yoyezera mphamvu, ija imamangidwa pakamwa pa radiyeta. Chida chimenechi ndicho chimathetsa kulota, ndipo ngakhale chobwereka chikwanira. Pa chitsekerero cha radiyeta ya galimotoyi palembedwa 1.1, choncho tinapopa mpaka 1.1 bar (muyeso wa mphamvu ya mpweya). Musapitirire kwambiri nambala yolembedwa pa chanu, mungaphulitse radiyeta yomwe inali yabwino. M'mphindi 10 singano inatsika kufika pa 0.8. Ndi tochi komanso kagalasi kakang'ono tinatsata mapaipi onse osapeza kanthu, mpaka titachotsa tayala lakumanja lakutsogolo ndi pulasitiki ya mkati mwake. Pansi pa pule (kagudumu kozunguzidwa ndi lamba) ya pampu ya madzi panali mzere wa kaufa kapinki wotsika m'mbali mwa injini, ndipo pamwamba pa mzerewo kadontho kanali kukula, kugwa, kenako kena n'kuyambanso.

Pampu ya madzi ili ndi kabowo kamene anakaika dala pakati pa silo (chotchinga madzi kuti asachuche) ndi beringi. Silo ikatha, madzi amatulukira pamenepo m'malo molowa m'beringi. Kabowoka sikamatidwa ndi guluu. Mukakatseka madzi alowa m'beringi, pampu igwira, lamba aduka, ndipo lambayo ndi yemweyo amene amayendetsa olitaneta. Titagwedeza pule ndi dzanja inkasewera pang'ono, ndiye beringi nayonso yayamba kutha.

Chitsekerero cha radiyeta tinachiyesa pa pampu yoyezera mphamvu ija. Chinatulutsa mpweya pa 0.6, pomwe chimayenera kugwira mpaka cha m'ma 1.1. Ichi ndi chinthu chotchipa chimene ambiri sachiganizira. Ku Lilongwe ndi ku Blantyre, komwe kuli pamtunda wa mamita oposa 1,000, madzi a mumphika amawira asanafike 97°C, ndipo injini yabwinobwino imayenda pafupi ndi pamenepo. Chomwe chimaletsa madzi kuwira ndi chitsekerero ndi kulanti, madzi a mankhwala oziziritsa injini. Chitsekerero chikafooka, madzi amayamba kuwira msanga, amakankhidwira m'kabotolo n'kusefukira, makamaka pamtunda ngati wa Thabwa kapena wa Chiweta mwezi wa Okutobala.

Popeza injiniyi yatenthapo kangapo, tinayesanso gasiketi ya hedi ndi mankhwala abuluu aja oyamwa mpweya wa pakamwa pa radiyeta. Utsi wa m'masilinda ukamalowa m'madzi, mankhwalawo amasanduka achikasu. Anakhalabe abuluu, ndipo thovu losalekeza silinaoneke. Hedi sitiikhudza.

Lamlungu

Zogula: pampu yatsopano ndi gasiketi yake, chitsekerero cha 1.1, themositati (valavu yolola madzi kupita ku radiyeta injini ikatentha) ya 82°C ndi labala yake, lamba, ndi kulanti wosakaniza kale malita 6 kuti wina atsale wowonjezera.

Madzi akale amatuluka pa kapulagi ka pulasitiki ka pansi pa radiyeta. Kamamasulidwa ndi dzanja, osati ndi pulayala. Tcherani beseni, ndipo madziwo muwasunge m'chigubu chotseka. Kulanti amatsekemera koma ndi poizoni, agalu ndi nkhuku zikamwa zimafa. Omwe anatuluka anali ofiirira ndi dzimbiri, umboni wakuti kwa nthawi yaitali ankangowonjezera madzi a pampopi kapena a pamjigo. Madzi otere alibe mankhwala oteteza ku dzimbiri, amasiya miyala m'timachubu ta radiyeta, ndipo tizinyalala take ndi timene timadya silo ya pampu.

Mabauti atatu a pule muwamasule pang'ono lamba akadali womanga, apo ayi pule imangozungulira. Kenako masulani olitaneta, ikankhireni ku injini, lamba atuluke. Malo ndi opanikiza. Pena pamafunika kuchirikiza injini ndi jeki, mutaika thabwa pakati pa jeki ndi sampu (chosungira oyilo pansi pa injini), n'kumasula mawuntini (chogwirira injini) yakumanja kuti pule ipeze potulukira. Galimoto ikhale pa sitandi, osati pa jeki yokha. Pampu yagwidwa ndi mabauti atatu ndi manati awiri. Ikakakamira, imenyeni pang'ono ndi chigwiriro cha hamala, musalowetse sikuludiraiva pakati chifukwa aluminiyamu sachedwa kukandika, ndipo pokandika mpamene padzachuchire mawa. Pukutani pokhala gasiketi mpaka patayera. Gasiketi yatsopano siifuna silikoni wambiri. Wotsalira amafinyikira mkati, amaduka, n'kukatseka radiyeta. Mabauti a pampu amamangidwa 11 Nm (muyeso wa mphamvu yomangira bauti) mosinthanasinthana, a pule 15 Nm. Ndi ang'onoang'ono, dzanja lolemera limawadula.

Themositati yakale tinaiika mumphika wa madzi pamoto pamodzi ndi choyezera kutentha. Imayenera kuyamba kutseguka pakati pa 80 ndi 84°C, ndipo pofika 95°C ikhale itatseguka mamilimita 8.5 kapena kuposa. Yathu inayamba mochedwa n'kuthera panjira. Pali chizolowezi chochotseratu themositati poti kuno n'kotentha, ndipo ife sitigwirizana nacho. Pa injini iyi themositati ikatseguka imatsekanso njira yachidule yobwezera madzi mu injini. Ikachotsedwa, madzi ena amangozungulira osadutsa mu radiyeta. Komanso m'mawa injini imachedwa kutentha, kompyuta imapitiriza kuthira mafuta ambiri, ndipo petulo amatha msanga. Poika yatsopano, kavalavu kakang'ono kogwedera kaja kayang'ane kumwamba kuti mpweya uzituluka. Manati a chivundikiro chake ndi 9 Nm.

Tinatsuka ndi madzi oyera katatu, kuthira, kuliza injini mpaka itatentha, kudikira izizire, kukhetsa, mpaka otuluka atayera. Dzira laliwisi kapena mankhwala otseka mabowo sitinaganizireko. Zimenezo zimatseka hita ndi timachubu ta radiyeta, koma silo yozungulira sizingaikonze.

Pothira kulanti, hita ikhale pa HOT. Thirani pang'onopang'ono pakamwa pa radiyeta mukufinya mapaipi kuti mpweya utuluke. Lizani injini chitsekerero chili chochotsa, muziwonjezera madzi akatsika. Paipi lakumunsi likatentha ndiye kuti themositati yatseguka. Bwezerani chitsekerero, dikirani fani izungulire n'kuzima kawiri, muone ngati hita ikutulutsa mpweya wotentha. Ikamatulutsa wozizira, mkati mudakali mpweya. Injini itazizira tinadzaza radiyeta mpaka pakamwa, kabotolo mpaka pa FULL, n'kupopanso 1.1 bar. Mphindi 15 zinatha singano osasuntha.

Loweruka linalo

Tsiku loyamba madzi a m'kabotolo anatsika pafupifupi chala chimodzi, chifukwa mpweya wotsalira unali kutuluka. Tinawonjezera, n'kulemba mzere ndi cholembera pa kabotolo injini itazizira. Masiku asanu otsatira madzi sanachoke pamzerewo, ndipo geji ikukhala malo amodzi ngakhale pamtunda ndi AC yoyatsa. Pansi pa pule mpouma. Lamba watsopano anatamuka pang'ono ndipo tamumanganso. Chatsala ndi paipi lakumunsi lofewa lija pamodzi ndi makalampu ake awiri, lomwe tisintha sabata yamawa, kenako kutsuka zipsepse za radiyeta ndi madzi kuchokera mbali ya injini chifukwa pakati pa iyo ndi kondensa ya AC padzaza udzu ndi fumbi.