Mbiri ya moyo wanga, gawo 6: mmene ndinayambira kujambula mandala

M'gawo lapitalo ndinalekeza pamene bambo anatisiya, ine n'kuleka kujambula nkhope za anthu. Sikuti ntchito inasowa ayi. Anthu ankabwerabe ndi zithunzi za ana awo ndi za maukwati, koma ndikangofika pa maso, dzanja linkachita dzanzi. Mabulashi ndinawasiya m'chitini mpaka anauma gwa.

Chinandibweza pa tebulo ndi kampasi ya masamu yomwe mwana wa achemwali anaiwala kwathu. Ndinazunguliza mzere umodzi, kenako osasintha kutanuka kwa miyendo yake, ndinabaya nsonga pamzere womwewo n'kuzungulizanso. Mukamatero, kampasi imaponda malo 6 n'kubwerera ndendende pomwe inayambira, ndipo pakati pamatuluka duwa la masamba 6. Ndinadzaza mapepala ndi maluwa amenewa, mtima uli zii, kwa nthawi yoyamba chichitikireni maliro. Mnzanga wina wojambula atawaona anati, "Aise, iwetu ukupanga mandala," kutanthauza chithunzi chozungulira choyambira pakati, osati mandala a m'maso ayi, n'kundionetsa kanema pa YouTube.

Anali amonke achibuda a ku Tibet, atawerama mozungulira thabwa. Mandala yawo ndi ya mchenga wopaka utoto. Amauthira m'kachitsulo kowonda ngati fanulo kotchedwa chak-pur, n'kumakakwecha ndi kachitsulo kena kuti mchenga uzituluka pang'onopang'ono. Chithunzicho ndi nyumba yachifumu yoonedwa kuchokera kumwamba, ya zipata 4 zoloza kummawa, kumadzulo, kumpoto ndi kummwera. Mu mandala ina yotchedwa Kalachakra muli milungu 722, aliyense ndi malo ake. Akamaliza amasesa zonse n'kukathira mchengawo mumtsinje. Ambiri amachita chidwi ndi kusesako, koma ine chinandigwira mtima ndi chiyambi. Asanagwetse mchenga ngakhale umodzi, amayeza thabwa lonse, kukoka chingwe chopaka choko n'kuchithethetsa kuti chisiye mzere. Mizere imeneyi imakwiririka, palibe adzaione, komabe ndi yomwe imanyamula zonse.

Pojambula nkhope ndinkadikira kuti mtima ufune kaye. Apa panalibe chodikira. Ndinkadzuka, kuyeza, kulemba mizere, ndipo maganizo a mitundu ankandipeza ndili kale pa ntchito. Pambuyo pake ndinawerenga za Carl Jung, dokotala wa maganizo wa ku Switzerland. Pa nthawi ya nkhondo yoyamba ya padziko lonse, akuyang'anira asilikali a ku Britain osungidwa ku Château-d'Oex m'dziko lakelo, ankajambula kachithunzi kozungulira m'kope lake mmawa uliwonse, ndipo ankaona kuti kakusintha molingana ndi za mumtima mwake. Ndikumuvomereza. Tsiku limene ndakwiya, madontho anga amathinana ndipo chofiira chimachuluka ndisanaganize n'komwe.

Ine mchenga sindigwiritsa ntchito, ndimadontheza penti wa acrylic. Ndimayamba ndi kupaka thabwa lonse zakuda. Likauma ndimapeza pakati, n'kugawa ndi pensulo yoyera zigawo 12 za madigiri 30, kapena 16 za madigiri 22.5 ndikafuna ntchito yothinana. Dontho loyamba ndi lapakati. Otsatira sindiwaika mondondozana. Ndimaika lina kumtunda, lina kumunsi, kumanja, kumanzere, kenako m'mipata yotsalayo, chifukwa mukangozungulira mbali imodzi, kaphonyedwe kakang'ono kamakulirakulira ndipo dontho lomaliza limasowa pokhala.

Penti nayenso ali ndi khalidwe lake. Akalimba, dontho limatsala ndi kansonga pamwamba, akachuluka madzi, limamwazika n'kukhudza linzake. Woyenera amati akagwa, kansongako kamabwerera pakokha, dontho n'kukhala losalala ngati mkanda. Amadanso pang'ono akamauma, choncho chikasu chomwe mukuona chili chonyowa si chomwe mudzaone mawa. Ndiye pali kanjira kamene ndimakakonda kuposa zonse: kuviika kamtengo kamodzi kokha n'kumadontheza mtsogolo osaviikanso. Dontho lililonse limachepa poyerekeza ndi lam'mbuyo, mpaka lomaliza kungokhala kafumbi. Ndimaponda kamtengo pamene ndikutulutsa mpweya, apo ayi dzanja limanjenjemera.

Amayi sanakondwe nazo poyamba. Anaima pakhomo, kuyang'ana matabwa aja nthawi yaitali, n'kufunsa kuti, "Mwanangu, kodi izi si za milungu ya eni ake?"

Funsolo silinali lachibwana, ndipo mpaka lero ndimalilemekeza. Kwa amonke aja mandala ndi pemphero, ili ndi malamulo ndi miyambo yomwe munthu amaphunzira zaka zambiri. Zimandiwawa ndikaona anthu akukopera zizindikiro zopatulika za anzawo n'kuzipaka pa chilichonse kuti chigulidwe. Ndinawayankha kuti, "Amayi, milungu yawo sindijambula, ndipo zangazi sindizitcha zopatulika. Ndatengako kuyeza, kuyambira pakati, ndi kudekha. Zam'katimo ndi masamba, nthenga ndi mamba a nsomba, zomwe ndimaona ndi maso angawa."

Sanayankhe. Patapita masiku anandipempha thabwa laling'ono ndi kamtengo, ati aone ngati dzanja lawo lingathe. Thabwa limenelo ndi lomwe mayi wina anadzafuna kugula, n'kusiya anga onse. Nkhani yake ndikuuzani m'gawo 7.