Lipoti la ulendo wa gulu lathu wokaona njovu ku Mae Taeng, Thailand

Pamisonkhano yokonzekera ulendowu, nkhani imene inatidyera nthawi sinali ya ndege kapena ya kogona ayi, koma yoti njovuzo tikazionera kuti. Kuzungulira mzinda wa Chiang Mai, kumpoto kwa Thailand, kuli makampu a njovu ambirimbiri, ndipo pa intaneti ochuluka amadzitcha malo opulumutsirako njovu zozunzidwa. A msungichuma anali atapeza kampu yotsika mtengo imene inkalonjeza kukwera njovu, kusamba nayo mumtsinje ndi kujambulitsa itakunyamula ndi chitamba. Ambiri tinaomba m'manja. Amene anatibweza ndi mayi wina wa m'gulu mwathu, dokotala wa ziweto, amene anafunsa kuti: "Abale, nyama ya matani atatu, yoti ikhoza kukupondani kamodzi basi nkhani n'kuthera pomwepo, inaphunzira bwanji kuima phee kuti mlendo aikwere?" Titavota, ochuluka anasankha Elephant Nature Park, ngakhale ena anavota akung'ung'udza.

Malowa ali m'boma la Mae Taeng, makilomita pafupifupi 60 kumpoto kwa Chiang Mai. Minibasi inatitenga pahotela m'mamawa. Titasiya msewu waukulu n'kulowa m'chigwa, tinayamba kudutsa makampu ena, ndipo pa imodzi tinaona njovu zitandandalika, iliyonse ili ndi mpando pamsana ndi alendo awiriawiri. Achinyamata athu anatulutsa mafoni pawindo. Pobwerera madzulo tinadutsanso pomwepo ndipo palibe amene anajambula.

Namulondola wathu anali mtsikana wa konko, wolankhula Chingerezi chomveka bwino. Asanationetse njovu ndi imodzi yomwe anatiika pamthunzi n'kutiuza malamulo. Kukwera kulibe. Kuima kumbuyo kwa njovu n'koletsedwa, kulowa pakati pa mwana ndi make n'koletsedwanso. Njovu ikalunjika kumene mwaima, inuyo ndiye mupatuke, chifukwa njirayo ndi yake. Zoti alendo azilowa mumtsinje n'kumathira njovu madzi ndi ndowa, zimene kale zinkachitika ngakhale pamalo omwewa, anazisiya mu 2018. Bambo wina wachikulire anakwiya pang'ono: "Ndiye ndalama zonse zija talipirira chiyani, kuonerera basi?" Mtsikanayo anamwetulira n'kuyankha kuti inde bambo, kuonerera basi.

Kuti mumvetse chifukwa chake njovu zoweta zili zambiri chonchi ku Thailand, muyenera kubwerera ku nkhalango. Kwa zaka zambiri njovu ndizo zinkakoka zipika za mitengo ya teak kuchokera m'mapiri momwe galimoto sizikanafika. Mu November 1988 madzi osefukira ndi kugumuka kwa nthaka zinapha anthu mazana kummwera kwa dzikolo, ndipo ambiri analoza chala kudula mitengo. Mu 1989 boma linaletsa ntchito yodula mitengo m'nkhalango zachilengedwe. Nkhalango zinapuma, koma njovu zambirimbiri ndi eni ake zinatsala zopanda ntchito, pamene njovu imodzi yaikulu imadya makilogalamu pafupifupi 150 a zomera tsiku lililonse, kaya yagwira ntchito kaya ayi. Ena anapita nazo m'misewu ya Bangkok kukapemphetsa, ena anapitiriza kudula mitengo mobisa kumalire ndi Myanmar, ndipo ochuluka analowa ntchito yosangalatsa alendo: kukweza anthu, kujambula zithunzi ndi burashi, kumenya mpira. Lero njovu zoweta m'dzikolo n'zoposa 3,000. Lamulo la mu 1939 limaziwerengera m'gulu la ziweto zonyamula ndi kukoka katundu, pamodzi ndi ng'ombe, njati zoweta ndi akavalo, kotero mwini wake akhoza kuigulitsa kapena kuibwereketsa. Njovu za kutchire zokha ndi zimene zili pansi pa lamulo loteteza nyama zakutchire.

Funso la a dokotala lija linayankhidwa pamenepa. Njira yakale yophunzitsira njovu kumvera munthu imatchedwa phajaan. Mwana wa njovu amamulanda kwa make akadali wamng'ono, n'kumutsekera m'kakhola kothina ka mitengo momwe sangatembenuke, atamumanga zingwe. Amamumana tulo ndi chakudya, amamumenya ndi kumubaya ndi ngowe yachitsulo kwa masiku angapo, mpaka atasiya kulimbana. Akatuluka m'menemo amakhala akudziwa kuti ngowe imapweteka, ndipo moyo wake wonse kungoiona m'manja mwa munthu kumakwanira. Si njovu iliyonse ya kumakampu imene inadutsa m'njira yoopsa chonchi, ndipo eni makampu ena amakana ndithu kuti amatero. Koma mlendo amene wakhala pampando uja alibe njira yodziwira mbiri ya nyama imene wakwera.

Amene anayambitsa malowa ndi mayi Saengduean Chailert, odziwika ndi dzina loti Lek, amene anakulira m'mudzi wa kumapiri kumpoto komweko. Anayamba kupulumutsa njovu m'zaka za m'ma 1990, ndipo mu 2005 magazini ya Time inawaika pa mndandanda wa ngwazi za ku Asia. Kupulumutsa kwake nthawi zambiri ndi kugula: njovu ndi chuma cha munthu, ndiye sungangopita n'kukailanda chifukwa yaonda. Pamalopo palinso agalu mazanamazana, ena opulumutsidwa pa madzi osefukira a ku Bangkok mu 2011, amphaka ndi njati zoweta. Agaluwo amagona paliponse, ngakhale pansi pa matebulo odyera, ndiye amene mumaopa agalu dziwiranitu.

Malo amene anandigwira mtima kwambiri ndi khitchini ya njovu. Ndi nyumba yaikulu yodzaza maungu, mavwende, nthochi ndi nzimbe, anthu ongodzipereka akutsuka ndi kudula. Pambali ena ankaumba timibulu tofewa ta mpunga wophika ndi nthochi zakupsa. Timeneti ndi ta nkhalamba. Njovu imamera mano otafunira kasanu ndi kamodzi pa moyo wake, atsopano akumera kumbuyo n'kumakankhira akale kutsogolo. Omaliza akaperepeseka, cha m'ma zaka 60, palibenso ena obwera, ndipo njovu ya kutchire imayamba kuonda mpaka kufa ndi njala chakudya chili pomwepo. Pano nkhalambazo amaziphikira. A dokotala athu anakhalitsa pamenepo akufunsa za mapazi, chifukwa matenda a mapazi ndi nyamakazi ndiwo amavutitsa kwambiri njovu zimene zakhala zaka zikuima pakonkire kapena pa unyolo waufupi. Tinaona njovu ina phazi lake lili m'beseni lalikulu la mankhwala, mnyamata akuipatsa zidutswa za chivwende kuti isachotse phazilo. Analibe ngowe kapena ndodo. Chida chake chinali dengu la chakudya.

Zina mwa njovuzo zimayenda motsimphina chifukwa zinaponda mabomba okwirira pansi kumalire ndi Myanmar, kumene nkhondo yakhala ikuchitika kwa zaka makumi ambiri. Namulondola anatiuza za chipatala cha njovu cha ku Lampang, chimene mayi Soraida Salwala anatsegula mu 1993, kumene njovu ziwiri zodziwika, Motala ndi Mosha, zinaikidwa miyendo yochita kupanga. Anatisimbiranso za Jokia, njovu yaikazi imene inapita padera ikukoka mitengo, ndipo itakana kugwira ntchito anaiboola maso onse awiri, diso limodzi analiboola ndi legeni. Itafika ku Elephant Nature Park, njovu ina yachikulire dzina lake Mae Perm inaitenga ngati m'bale wake n'kumayenda nayo kulikonse kwa zaka zambiri, mpaka Mae Perm inafa mu 2016. Sizinali pachibale. Timagulu tambiri ta pamalopo ndi totero, njovu zochokera kosiyanasiyana zimene zinangosankhana zokha.

Masana tinakaima patali pang'ono ndi mtsinje wa Mae Taeng. Kagulu kena kanatsika kokha, popanda wokakusa. Zinalowa m'madzi, yaing'ono n'kumira yonse kungotsala nsonga ya chitamba, kenako zinatuluka n'kupita pamatope kukadzipaka thupi lonse. Apa m'pamene tinamvetsa chifukwa chake kusambitsa njovu kuli kosangalatsa mlendo kuposa njovuyo. Matope aja ndi chofunda chake: amaiteteza ku dzuwa ndi ku tizilombo toluma. Kumakampu kumene gulu lililonse la alendo limafuna kuisambitsa, njovu imalowetsedwa m'madzi kangapo patsiku pa nthawi ya alendo, n'kuima pamalo amodzi anthu akuizungulira ndi kukuwa, wina atagwira ngowe chapafupi kuti isasunthe. Mwana wa njovu uja atakuwa pang'ono chifukwa cha galu, zazikulu zonse zinathamangira pamodzi n'kumuika pakati, zikulira mokhuthala mpaka m'chifuwa mwathu tinamva kunjenjemera. Bambo odandaula aja anaiwala foni m'thumba.

Poyang'anitsitsa tinaona kuti njovu ya ku Asia ili ndi makutu aang'ono poyerekeza ndi ya ku Africa, msana wokwera pakati, ndi kachala kamodzi kunsonga ya chitamba pamene ya ku Africa ili ndi tiwiri. Zazikazi zilibe minyanga yooneka. Zamphongo zazikulu sitinaziyandikire. Zimakhala m'mipanda yawoyawo, chifukwa pa nyengo imene amaitcha musth zimalusa koopsa.

Pa chakudya cha masana, chimene pamalopo chimakhala chopanda nyama, panabuka mkangano umene ndiyenera kuulemba mmene unalili. Mnyamata wina wa m'gulu mwathu anati zonsezi n'zabwino, komabe ndi khola, kungoti lalikulu, ndipo ngati timakonda njovu tingosiya kupita kumalo onse otere. A tcheyamani anamuyankha ndi zimene zinachitika mu 2020. Mliri wa Covid-19 utatseka malire, alendo anasowa, makampu ambiri anatsekedwa, ndipo eni njovu analephera kugula chakudya. Njovu zambiri zinayenda pansi masiku angapo kubwerera kumidzi ya oziyang'anira, monga ya anthu a mtundu wa Karen ku Mae Chaem. Kuzimasulira kutchire sikophweka: nkhalango yatsala yochepa, njovu zakutchire zili kale pa mkangano ndi alimi, ndipo nkhalamba yakhungu kapena yothyoka chiuno siingathe sabata yokha. Njovu imene ili ndi zaka 20 lero ikhoza kudzafunabe chakudya zaka 40 zikubwerazi. Ine ndili kumbali ya a tcheyamani. Ndalama za alendo ndi zimene zikudyetsa nyamazi, ndiye funso lenileni ndi lakuti ndalamazo zikulipira khalidwe lotani. Makampu angapo m'chigwa chomwecho anachotsa mipando ataona kuti alendo akulipira kuti angoyenda pambali pa njovu.

Mnyamatayo anali ndi mfundo ina imene sitinaithe. Oyang'anira njovu, amene alendo amawatcha mahout, ambiri ndi a mtundu wa Karen kapena ochokera ku Myanmar, ndipo ntchito yawo ndi yoopsa. Ife timafulumira kuona ngowe ili m'manja mwawo, koma sitifunsa kuti amalandira zingati, amagona pati, kapena ndani amawalipirira chipatala njovu ikawavulaza. Kampu imene imasamala njovu koma n'kumadyera masuku pamutu anthu ake siyenera kutamandidwa.

Komanso njira yosagwiritsa ngowe ndi unyolo ili ndi otsutsa ake. Mu October 2024 mtsinje womwe tinaimapowo unasefukira n'kumiza malowa. Njovu zambiri anazithawitsira kumtunda, koma ziwiri, Faa Sai ndi Ploy Thong, zinakokoloka n'kufa. Anthu ena a m'makampu ena ananena poyera kuti njovu zosazolowera kulamulidwa n'zovuta kuzisamutsa pangozi, pamene a pamalopo anati madzi anakwera mofulumira kwambiri. Mkanganowu unali waukulu ku Thailand, ndipo ukusonyeza kuti ngakhale pamalo otchuka chonchi pali mafunso osayankhidwa.

Kwa anzathu amene mukukonza ulendo wotsatira, musadalire dzina lolembedwa pachikwangwani. Onani zithunzi zimene alendo ena anajambula, osati za eni malo okha, ndipo muyang'ane m'manja mwa oyang'anira ndi m'miyendo ya njovu. Lemberani kalata n'kufunsa kuti usiku njovuzo zimagona kuti, ndipo ngati zimamangidwa, unyolo wake ndi wautali bwanji, chifukwa alendo amaona maola ochepa a masana okha. Funsani ngati pali dokotala wa nyama wokhazikika. Mukaona tiana tambiri tikujambulitsidwa ndi alendo amake kulibe, kapena njovu ikugwedeza mutu uku ndi uku osaleka, kumeneko si kuvina, ndi chizindikiro cha kupanikizika. Malo abwino amalandira anthu ochepa patsiku, ndiye lembetsani msanga. Tengani chipewa, nsapato zotseka ndi mankhwala othamangitsa udzudzu, ndipo ngati mukupita pakati pa February ndi April dziwani kuti kumpoto kwa Thailand kumakhala utsi wambiri wa moto wa m'minda ndi m'nkhalango, umene umavutitsa a chifuwa cha mphumu.

A msungichuma adzapereka lipoti la ndalama pamsonkhano ukubwerawu. A dokotala apempha mphindi zingapo kuti adzafotokoze za matenda a mapazi a njovu, ndipo mnyamata uja wapempha kuti nkhani ya malipiro a oyang'anira njovu iikidwe pa mndandanda wa zokambirana tisanasankhe malo ena.