Fungo la buledi m'tinjira ta ku Stone Town

M'mawa wa tsiku lachitatu ku Stone Town, mbali yakale ya mzinda wa Zanzibar, tinadzutsidwa ndi mawu oitanira anthu kumapemphero ochokera pamzikiti wapafupi, kenako belu la njinga linalira m'kanjira ka pansi pa zenera lathu. Akazi anga anasuzumira n'kundikodola.

"Bambo, tabwerani muone. Buledi akudutsa."

Anali mnyamata atamangirira dengu lalikulu pakaliyala, lodzaza timabuledi totalikirapo, tofiirira pamwamba. Tinavala mwachangu, tinatsika, n'kulowera kumene iye amachokera, tikutsata fungo.

Tinali ndi chifukwa chodzukira mbandakucha chonchi. Tinafika pa Unguja, chilumba chachikulu cha Zanzibar, pa boti lochokera ku Dar es Salaam, ulendo wa maola awiri, tili ndi ndalama zowerengeratu za masiku asanu ndi limodzi. Masiku awiri oyamba tinadya m'malesitilanti a m'mbali mwa nyanja, kumene mitengo ina imalembedwa m'madola. Chakudya chinali chabwino ndithu, koma usiku wachiwiri titakhala pabedi n'kuwerenga zotsala, tinaona kuti tikapitiriza choncho sitifika tsiku lachisanu. Akazi anga anafunsa funso limene linasintha ulendo wonse: "Nanga eni mzinda uno amadya kuti?"

Fungo lija linatifikitsa pakhomo lopanda chikwangwani. Mkati munali mdima ndi kutentha, uvuni wa nkhuni uli lawilawi, ndipo bambo wina wovala vesiti ankatulutsa buledi ndi thabwa lalitali ngati nkhafi. Buledi ameneyu amamutcha boflo. Kunja kwake ndi kouma, kumathetheka ukamunyema, mkati ndi mopepuka ngati thonje. Anatikulungira anayi m'nyuzipepala, akadali otentha moti pepala linanyowa ndi nthunzi. Tinalipira ndalama zachitsulo zokha. Pangodya ya kanjira komweko mayi wina anali ndi mbaula ndi mapoto awiri, lina la tiyi wa jinja, lina la nandolo wophikira kokonati, amene kumeneko amati mbaazi za nazi. Tinakhala pakhonde la simenti lomangidwa kukhoma la nyumba, limene amalitcha baraza, n'kumanyema boflo, kusunsa mu nandolo. Msuzi wake unali wokhathamira, wonona, wotsekemera pang'ono. Ana asukulu ankadutsa natipatsa moni wa "shikamoo", ife tikuyankha "marahaba" monga anatiphunzitsira mwini nyumba imene tinkagona. Mpaka lero ndikakumbukira Zanzibar, chimayamba kubwera ndi kadzutsa ameneyu, nyanja imabwera pambuyo.

Kuyambira tsiku limenelo m'mawa uliwonse tinkasaka buledi wina. Kuli mkate wa ufuta, wophwathalala, wowazidwa chitowe pamwamba, wowotchedwa pamakala. Kuli mkate wa kumimina, wa ufa wa mpunga ndi kokonati, wofewa, wokhala ndi timabowo mkati, umene amadula zidutswazidutswa. Akazi anga anakonda umenewu, ine ndinakakamira boflo. Zambiri mwa izi sizigulitsidwa m'sitolo, zimakhala m'kabokosi ka galasi pakhomo la munthu, ndipo ukachedwa dzuwa n'kukwera umapeza zatha.

Masana tinkalowera ku Darajani. Msika waukulu wa mumzindamo uli kumeneko, ndipo nyumba yake inamangidwa mu 1904. Msewu wodutsa pamsikapo, umene ambiri amautchabe Creek Road, kale unali khwawa lolowa madzi a m'nyanja, lolekanitsa Stone Town ndi dera la Ng'ambo, kutanthauza kutsidya. Khwawalo analikwirira, koma pa nkhani ya mitengo malirewo alipobe: ukamayandikira msewu umenewu n'kuwoloka, chakudya chimatsika mtengo ndipo mbale imadzaza.

Kumeneko n'kumene tinadya urojo koyamba. Ndi msuzi wachikasu wa ufa wa tirigu, wowawasa chifukwa cha mango aawisi ndi mandimu. Mayi wogulitsa anayamba ndi kuduladula mbatatesi yophika m'mbale, anaikamo bajia (timipira tokazinga ta nyemba zopera), dzira lophika, tinyama towotcha pakamtengo totchedwa mishkaki, n'kuthira msuzi wotentha. Pamwamba anawaza tchipisi ta chinangwa topyapyala, kasupuni ka kokonati wopera, ndipo anatiyang'ana atagwira botolo la tsabola. Ine ndinagwedeza mutu kuvomera. Akazi anga anakana, koma atalawa mbale yanga anapereka yawo kuti awathirire. Pepala lalikulu kwambiri la ndalama za ku Tanzania ndi la mashilingi 10,000, ndipo limodzi lokha linalipira mbale ziwiri, tchenji n'kubwerera.

Pa malesitilanti enieni, awiri anatigwira mtima. Lukmaan ili ku Mkunazini, kufupi ndi tchalitchi chachikulu cha Anglican chimene chinamangidwa pamalo a msika wa akapolo umene unatsekedwa mu 1873. Tinapita kukadya titangochoka kutchalitchiko, ndipo kwa kanthawi tinangokhala chete, mbale zili patsogolo. Ubwino wa malowa ndi woti chakudya chimakhala poonekera, umaloza chimene wafuna. Tinaitanitsa mbale imodzi ya pilau, ina ya pweza, nyama ya m'nyanja ya miyendo isanu ndi itatu ija, yophikira kokonati, ndi kambale ka masamba, n'kugawana. Kwa anthu awiri njira ndi imeneyi, chifukwa mpunga amaika wochuluka ndipo mbale imodzi imakwana nonse mukawonjezera ndiwo ziwiri. Malo enawo ndi Passing Show, ku Malindi kufupi ndi doko. Dzina lake lili ndi mawu oti hotelo, koma sikogona, n'kodyera basi. Tinapitako Lachisanu anthu atangotuluka mumzikiti, tsiku limene ambiri kumeneko amakonda biriani, ndipo tinadikira tebulo pakati pa abambo ovala mikanjo yoyera. Biriani wake mpunga umabwera pawokha, nyama ndi msuzi wolemera wa anyezi pamwamba.

Za Forodhani ndinene mosabisa, chifukwa aliyense amakuuzani kuti mupiteko. Ndi paki ya m'mphepete mwa nyanja, kutsogolo kwa linga lakale la Ngome Kongwe ndi nyumba ya House of Wonders imene Sultan Barghash anamanga mu 1883. Dzuwa likalowa pamadzaza matebulo a zowotcha, nyali, utsi, ndi anyamata odumphira m'nyanja kuchokera pakhoma. Pitani ndithu, n'kokongola. Koma funsani mtengo chakudya chisanafike pamoto. Wogulitsa wina anatiwotchera nsomba tisanagwirizane, ndipo mtengo umene anatchula tikumaliza kudya unaposa wa chakudya cha masana cha tonse awiri. Zinandiwawa, makamaka poti nsombayo inali youma, yooneka kuti yakhalitsa patebulo. Titabwererako tinangogula zimene amapanga uli pomwepo: Zanzibar pizza, imene ndi kachapati kopyapyala kokutira nyama yogaya, anyezi ndi dzira n'kukazinga, ndi madzi a nzimbe ofinyira limodzi ndi jinja ndi mandimu.

Madzulo a tsiku lomaliza tinakhala pa Jaws Corner, kabwalo ka pakati pa tinjira kumene amuna amakumana kumwa khofi, kusewera madomino ndi kukambirana za ndale ndi mpira. Khofi wake ndi wakuda, wowawa, wopanda shuga, m'tikapu topanda chogwirira, ndipo amamwera kashata, siwiti ya mtedza kapena kokonati. Umaluma kashata, n'kupsontha khofi. Mkulu wina anasendera kuti akazi anga akhale bwino, n'kufunsa ngati talawa boflo. Titavomera, anatilongosolera ndi manja njira ya ku uvuni wina umene iye amati ndiwo weniweni.

Boti lathu linali lam'mawa. Tinadzuka kusanache, tinasochera kawiri m'tinjira, koma uvuniwo tinaupeza. Tinakwera boti ndi boflo asanu ndi mmodzi m'chikwama, ndipo pamene nyumba za Dar es Salaam zinkayamba kuoneka, anali atatsala awiri.