Zikomo a mphakati wathu

Maliro a bambo tinaika sabata yatha kumudzi ku Dedza. Ndisanabwerere kuntchito ndati ndithokoze akhristu a mphakati wathu, kagulu ka Akatolika oyandikana nyumba kuno ku Lilongwe, ngakhale ambiri akana kuti ndiwatchule mayina.

Bambo atagonekedwa m'chipatala, amayi awiri ankasinthana kubweretsa phala m'botolo la fulasiki m'mamawa, kuti mayi athu okalamba apeze mpata wogona. Bambo wina wa kabaza ankandinyamula usiku osalandira kanthu. Atamwalira, a kwaya anachezera nafe mpaka mbandakucha, achinyamata anawaza nkhuni, ndipo msungichuma anabwera ndi kope lake la sukulu, lolembedwa chopereka cha banja lililonse. Ndalama imeneyo ndiyo inalipira galimoto yonyamula thupi. Popanda iyo bambo akanaikidwa m'tauni muno, chinthu chimene ankachikana ali moyo. Pano agona pafupi ndi makolo awo.

Bambo ankakonda kukamba za Ambuye Patrick Kalilombe, mwana wa ku Mua amene anakhala episkopi wa Lilongwe mu 1972. Iwowa ndiwo anatsogolera sinodi ya dayosizi ya 1973 mpaka 1975, imene inakhazikitsa miphakati kuti akhristu oyandikana azipemphera ndi kuthandizana okha, osadikira wansembe pa chilichonse. Boma la nthawiyo linkakayikira timagulu totere, ndipo Ambuyewo anachoka m'dziko muno mu 1976. Anamwalira mu 2012.

Ine kumphakati ndinkapitako mwa apo ndi apo, koma palibe anandiwerengera zimenezo. Mapoto anu akuluakulu aja tatsuka, ndidzabweza Lachinayi pa mapemphero.