Zikomo nonse, soliton yakhazikika pa chip

Kamphete kathu ka silicon nitride, momwe kuwala kumazungulira pa chip, tsopano kakusunga soliton imodzi osaitaya. Soliton ndi pulse, kuthwanima kwakufupi kwa kuwala, imene imazungulira osasintha maonekedwe ake. Tikulowetsa kuwala kwa laser kosadukiza, kwa wavelength (kutalika kwa funde la kuwala) ya ma nanometre (nm) 1550, ndipo kukutuluka ma pulse afupiafupi, imodzi pa mapikosekondi 10 aliwonse. Kuchokera pakati pa kampheteko kufika m'mphepete ndi ma micrometre 230 okha. Ntchitoyi yadutsa m'manja mwa anthu ambiri, ndipo tikufuna kuwathokoza poyera.

Choyamba, inu anzathu a mu cleanroom, chipinda chopanda fumbi chopangiramo ma chip. Kuti dispersion (kusiyana kwa liwiro la mitundu ya kuwala) ikhale anomalous, mtundu umene soliton imafuna, nitride iyenera kukhuthala pafupifupi 800 nm, koma ya LPCVD (yoyalidwa kuchokera ku mpweya m'ng'anjo) imadzikoka yokha, nkuyamba kung'aluka ikapitirira 400 nm. Ma wafer (timbale ta silicon topangirapo ma chip) oyamba anatuluka ndi ming'alu yodutsa pakati pa timphete. Simunagwe ulesi. Munatenga njira ya Damascene imene inayambira ku EPFL, sukulu ya ukachenjede ya ku Switzerland: kukumba tingalande mu silicon oxide ya pa wafer, kudzazamo nitride, kenako kupala pamwamba kuti pasalale. Munawotchanso ma wafer pa 1200 °C kuti haidrojeni ichoke, poti ikatsalamo imadya kuwala cha pa 1520 nm ndipo Q, muyeso wa momwe kamphete kamasungira kuwala, imatsika.

Inu a pa benchi, mwatichitira zazikulu, chifukwa chimene chinativuta koposa ndi kutentha. Laser ikamasunthidwa kupita ku wavelength yaitali, kamphete kamatentha, resonance (wavelength imene kamphete kamalandira) nkumathawira komweko. Soliton ikangobadwa, mphamvu ya m'kati imagwa mwadzidzidzi, kamphete kamazizira, resonance imabwerera m'mbuyo, laser nkutsala panja. Pa oscilloscope, chida chojambula mphamvu ya kuwala kotuluka, kasitepe kosonyeza kuti soliton yabadwa kankaoneka kamphindi, nkuzimiririka. Munaika laser yachiwiri yolowera mbali inayo, pa resonance ina, kumbali ya wavelength yaifupi. Kamphete kakayamba kuzizira, kuwala kwa laser imeneyi kumalowa kochuluka, kutentha nkubwerera. Kasitepe kaja kanatalika mpaka kufikirika posuntha laser ndi dzanja, ndipo pa spectrum analyser, chida choonetsa kuwala kwa wavelength iliyonse, panaoneka phiri losalala la sech², chizindikiro cha soliton imodzi, lopanda mano otumphuka.

Tikuthokozanso amene ankalunjika ma lensed fibre (ulusi wagalasi wosongoka wonyamula kuwala) pa inverse taper (polowera kuwala popyapyala pa chip) usiku wonse. Kusuntha kosakwana micrometre imodzi kumataya kuwala kochuluka, ndipo ntchito imeneyi sionekera m'malipoti.

Chatsala ndi kuchotsa amplifier yaikulu yowonjezera mphamvu ya kuwala ndi kumata laser ya DFB, mtundu wa laser yaing'ono, pachip penipeni, kuti kuwala kobwerera kuchokera m'kamphete kuigwire yokha pa resonance. Tidzakufunaninso nonse. Zikomo kwambiri.