Nextcloud yanga inakana kudzuka Loweruka lija

Ndimati ndingopanga apudeti mwachangu kenako ndithamangire kumsika, koma dzuwa linalowa ndikadali pa laputopu yakale ija imene imakhala pamwamba pa kabati, yomwe ndinaisandutsa seva ya pakhomo. Mmenemo muli Nextcloud yathu, pulogalamu yosungira mafayilo pa seva yakoyako, muli zithunzi za ukwati wa achemwali, masetifiketi a ana, malisiti a kagolosale ka mayi a kunyumba, ndiye mukumvetsa kuti si zinthu zoseweretsa ayi. Zonse zimayenda mu Docker, imene imayendetsa pulogalamu iliyonse m'kabokosi kakekake kotchedwa kontena. Makontena ndi awiri, imodzi ya Nextcloud ina ya detabesi yake, PostgreSQL.

Chinandigwetsa ndi kamzere kamodzi mu docker-compose.yml, fayilo youza Docker zoti iyendetse, pomwe ndinalemba kuti nextcloud:latest, kutanthauza veshoni yatsopano kwambiri. Nthawi imene ndimaika, latest inali veshoni 28 ija inatuluka mu Disembala 2023, ndipo kuyambira pamenepo sindinakhudzenso poti zimayenda bwinobwino. Koma anzathu opanga Nextcloud sagona, 29 inatuluka Epulo 2024, 30 Seputembala chaka chomwecho, 31 Febuluwale 2025. Ndiye nditalemba docker compose pull kenako up -d, inabwera 31 yonse, kontena n'kumangodzuka kugwa, kudzuka kugwa, pa foni app ikungozungulira. Mtima unagunda ndithu.

Nditatsegula docker compose logs ndinapeza uthenga woti sizingatheke kudumpha kuchoka pa 28 kufika pa 31, pamafunika kukwera veshoni imodzi imodzi. Apa ndiwayamikire amene anakonza image imeneyi, phukusi la Nextcloud limene Docker imakopera pa intaneti, chifukwa imayamba yafananiza maveshoni isanakhudze fayilo iliyonse, ikaona kuti mwalumpha imangoima osaononga kanthu. Ndipotu Nextcloud ikakwera siyibwereranso pansi, ikanayamba kusintha detabesi pakatikati n'kufera panjira bwenzi pano ndikulira.

Ndinabwerera pa nextcloud:28-apache, inadzuka. Ndisanapite kulikonse ndinatseka kaye chitseko ndi occ maintenance:mode --on (occ ndi chida cholamulira Nextcloud polemba malamulo), ndinapanga pg_dump kusunga kope ya detabesi, kenako kukopera volume yonse, momwe mumakhala mafayilo, ku hard drive yakunja, config.php yomwe. Ndinayang'ananso kuti batire la laputopu ladzadza, chifukwa kuno magetsi amatha kuthima nthawi iliyonse ndipo apugiredi yodukira pakati ndi imene imapha detabesi. Ndiye 29, kudikira imalize, kutsegula kaye chitseko chija kuti ndilowe ngati admin kukaona machenjezo, occ db:add-missing-indices, kenako 30. Image iliyonse imadya bandulo ya intaneti osati masewera, ya 31 yokha ndiyo inali kale pa disiki.

Pa 30 ndi pomwe mapulagini anandionetsa khalidwe lawo. Ku Nextcloud amawatchula ma app, ndipo iliyonse ili ndi kafayilo ka info.xml momwe mwini wake amalemba veshoni yomaliza imene app yakeyo imagwira. Seva ikapitirira pamenepo, app imazimitsidwa yokha nthawi ya apugiredi. Calendar ndi Contacts zinakwera popanda vuto poti zili ndi anthu oziyang'anira, koma kena kake kamene ndinaika kalekale kothandiza kusanja zithunzi kanathima, mwini wake anasiyira pa 29. Pali batani lokakamiza kuti app yosayesedwa iyake basi, ndinaliyang'ana nthawi yaitali koma ndinalisiya, chifukwa pulagini imodzi yovunda imatha kugwetsa tsamba lonse n'kumangoona Internal Server Error, ndipo anthu a m'nyumba muno sadziwa za occ app:disable, amangodziwa kuti zithunzi sizikutseguka. Ndinakachotsa, limodzi ndi ena atatu amene ndinaika mwachidwi chabe koma palibe anawagwiritsapo ntchito.

PostgreSQL sindinaigwire, ili pa 15 ndipo ikhale pomwepo kaye. Imeneyo ukangosintha nambala kukhala 16 imakana mafayilo akale, pamafunika dump ndi restore kapena pg_upgrade, imeneyo ndi ntchito ya tsiku lake.

Cha m'ma 8 koloko usiku ndinalemba 31-apache mu compose muja, mawu oti latest ndinawafufutiratu, maintenance:mode --off. Mayi a kunyumba anajambula lisiti ya shuga ndi mafuta amene anaoda masana, ine ndili chete kuyang'ana pa sikirini, kenako inatulukira mu foda ya golosale.